Mwana wanga wa miyezi 9 wayamba kukana anthu, apongozi akuti ndinamuzoloweza manja

Make Tadala, Chinamwali
Mwaswera bwanji makolo anzanga. Ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi 9. Kale ankalola aliyense kumunyamula, kutchalitchi amayi a Mvano ankachita kulandizana mpaka mapemphero kutha. Mwezi uno wasinthiratu. Munthu wachilendo akangomuyang'ana amabisa nkhope pachifuwa panga, akamutambasulira manja ndiye kulira kosatonthozeka. Ngakhale amalume ake amene ankaseka nawo akuwakana. Chovuta n'chakuti ndayamba ntchito pa shopu ina m'tauni, ndiye ndimamusiya ndi mwana wa achemwali anga amene wabwera kuchokera ku Mayaka. M'mawa ndikangotenga chikwama amandikakamira chitenje, ndimafika kumsewu ndikumumvabe. Apongozi anga akuti vuto ndine, ndinamuzoloweza manja chifukwa ndimamunyamula akangoyamba kulira. Akuti ndizimusiya alire mpaka atope, ndiponso ndizizemba asanandione. Mtima ukundiwawa abale. Kodi ndamuwononga mwanayu? Kapena mtsikanayu akumuchita nkhanza ine kulibe?

Make mapasa, Songani
Pepani asisi. Anga onse awiri anadutsa momwemo, wina anayamba msanga, wina mochedwerapo. Bambo awo atangometa ndevu, mmodzi anawakana tsiku lonse. Zimatha zimenezo.

Make Chisomo, Sadzi
Ine ndiyankhula mosabisa, apongozi anuwo sakunama. Ana ndi ochenjera. Akadziwa kuti ndikalira amayi athamanga, azilira tsiku lonse. Wanga ndinkamusiya pamphasa ine n'kumachapa, pano ali Sitandade 3 ndipo savuta. Mukapanda kulimba mtima ntchitoyo muisiya.

Agogo aku Jali
Ana anga, mdzukulu wanga ndiye akundilembera. Zoti mwana asamanyamulidwe ine ndazimvera ukulu uno. Ife mwana akatuluka m'chikuta malo ake anali kumsana. Kumunda ali kumbuyo, kudambo kokaokera mpunga ali kumbuyo, pamtondo ali kumbuyo, usiku mphasa imodzi ndi amake. Akangoti alire, umamutembenuzira kutsogolo n'kumupatsa bere. Anawo anakula, ena ndi aphunzitsi, ena asodzi ku Kachulu, palibe amene anakhalira kumsana.

Kusiyana kwake n'kwakuti mwana sankadziwa msana umodzi. Lero ali kwa azakhali, mawa kwa agogo, madzulo wamubereka mkulu wake. Ndiye mayi akapita kuchigayo mwana ankatsala ndi munthu amene akumudziwa mawu ndi fungo lomwe. Inu mukukhala m'nyumba za lendi, chitseko chotseka, mwana akuona nkhope ziwiri basi. Kenako tsiku lina mukumusiyira munthu wobwera dzana. Alekerenji kulira? Mtsikanayo azimubereka inu muli pompo, azimudyetsa phala inu mukuona, azimusambitsa Loweruka ndi Lamlungu lomwe ngakhale inu muli pakhomo. Apongozi musakangane nawo mwanawe. Muziwapatsa mdzukuluyo azimubereka, adzaona okha.

Namwino wopuma, Matawale
Agogo mwayankhula bwino. Make Tadala, ndinagwira ntchito kusikelo ndisanapume, ndipo zimene mwalembazi ndikadaziona m'buku la mwana wanu ndikadasangalala. Mwanayo akukula bwino.

Mwana wa miyezi 2 amamwetulira aliyense amene wamuyang'ana n'kumuseketsa, sanayambe kusankha. Akamafika miyezi 6 mpaka 9 ubongo wake umakhala utakhwima moti amasiyanitsa bwino anthu ake ndi alendo. Nthawi yomweyo amatulukira chinthu china chachikulu, choti chinthu chikachoka pamaso pake sichinathe, chilipobe kwinakwake. Yesani madzulo ano. Tengani supuni imene akuseweretsa muiphimbe ndi kansalu iye akuona. Wa miyezi 4 amangoiwala, koma wa miyezi 9 amavundukula kansaluko kuifuna. Ndiye inu mukatuluka, iye akudziwa kuti amayi alipo koma pano palibe, ndipo nthawi saidziwa. Sangamve zoti mubwera 5 koloko. N'chifukwa chake amalira chonchi. Mantha amenewa amakula kwambiri pakati pa miyezi 10 ndi 18, kenako amachepa pang'onopang'ono akamayandikira zaka 2 kapena 3.

Asisi a ku Sadzi, mwana wosakwana chaka alibe nzeru zokonzera munthu chiwembu. Kulira ndi njira yokhayo imene ali nayo yonenera kuti ndili ndi njala, ndanyowa, ndikuopa. Akalira n'kuona kuti wina wabwera, lero, mawa, mkuja, amaphunzira kuti anthu ake ndi odalirika. Sindikunena kuti nsima izipserera pamoto chifukwa mwana wayamba kulira. Kudikira pang'ono sikumupweteka. Mungomuyankha muli kukhitchini komweko, "ndakumva Tadala, ndikubwera," akumva mawu anu.

Kuzemba ndiye ayi ndithu. Inu zimakuphwekerani chifukwa simumva kulira, koma mwana amatembenuka n'kupeza amayi asowa osadziwa kuti zachitika bwanji. Mawa lake sangakuloleni ngakhale kupita kubafa, chifukwa waphunzira kuti akangoyang'ana kumbali mumasowa. Muzitsanzika. Mawu omwewomwewo tsiku lililonse, mwachidule, mumupereke m'manja mwa mtsikanayo, mubayibitse, muzipita osabwererabwerera. Alira, inde. Mufunseni mtsikanayo kuti amalira nthawi yaitali bwanji inu mutachoka. Ambiri amatonthola pakangopita mphindi zochepa. Musiyireni chitenje chimene mwagonera, azimuberekera chimenecho.

Make Chisomo, Sadzi
Anamwino ndimakulemekezani, koma izi ndi za m'mabuku a azungu. Ana athu ndi ena.

Wophunzira ku Chanco
Amayi a Chisomo, ndiloleni ndiyankhepo ngakhale ndilibe mwana. Nkhani imeneyi tinaiphunzira m'kalasi ndipo chinandidabwitsa n'chakuti mbali yaikulu inayambira ku Africa konkuno. Mary Ainsworth, katswiri amene dzina lake limatchulidwa kwambiri pa nkhani ya ubale wa mwana ndi omulera, anachita kafukufuku wake ku Uganda mu 1954 ndi 1955. Ankayendera mabanja 26 m'midzi ya pafupi ndi Kampala, n'kumakhala pakhomo kuonerera amayi ndi makanda awo. Anaona kuti mwana akayamba kukwawa amachoka pa amake kukafufuza zinthu, kenako amacheuka kapena kubwerera kudzawakhudza, n'kupitanso. Mlendo akalowa amathamangira kwa amake. Ana amene amayi awo ankamvetsa msanga zimene akufuna ndi amene ankalira pang'ono ndiponso ankasewera momasuka. Amayi amenewo ankabereka ana kumbuyo ndi kuyamwitsa nthawi iliyonse monga agogo afotokozera. Zimene anaona ku Uganda ndi zimene anakaziyesanso ku Baltimore ku America.

Ndipo kuno kwathu madokotala anapanga njira yathuyathu yoyezera kakulidwe ka ana, imatchedwa MDAT, inatuluka mu 2010 atayesa ana a kumidzi ya ku Malawi oposa 1,000. Imayang'ana mayendedwe, kagwiridwe ka zinthu, kuyankhula, komanso mmene mwana amakhalira ndi anthu. Ndiye kumwetulira, kuzindikira amake, kusewera ndi anzake, n'zoyezedwa pa ana athu omwe.

Bambo a Yankho, Chikanda
Funso lachiwiri la Make Tadala lisaiwalike. Mtsikanayo ali ndi zaka zingati?

Make Tadala, Chinamwali
Ali ndi zaka 19 achimwene, walemba Fomu 4, akudikira zotsatira. Ndi wofatsa ndithu, kungoti mantha anandigwira.

Namwino wopuma, Matawale
Kulira potsanzikana pakokha si umboni wa nkhanza. Muziyang'ana zina. Inu muli pompo, kodi mwana amalola kupita kwa mtsikanayo, amamusekerera, kapena amanjenjemera akamuyandikira? Pomusambitsa muziona thupi lonse. Tsiku lina mubwere masana mosayembekezereka. Ndipo mukhale naye pansi mtsikanayo mumuuze chinthu ichi momveka: mwana akalira mpaka iye kutopa naye, amugoneke pamalo abwino, atuluke panja apume pang'ono kapena aitane aneba, koma asamugwedeze mwamphamvu ngakhale kamodzi. Khosi la khanda ndi lofooka, mutu ndi wolemera, kumugwedeza kumatha kudula timitsempha ta mu ubongo, mwana n'kulumala kapena kufa. Ambiri amene amachita zimenezi si anthu oipa, amakhala atatopa ndipo palibe anawauzapo. Kwa ena amene mukukayikira kuti mwana wina akuzunzidwa m'dera lanu, nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo a YONECO amene amaiyendetsa likulu lawo lili mu Zomba momwe muno.

Make Shakira, Mpondabwino
Pepani ndilowererepo ndi langa, poti akatswiri muli pompano. Wanga ali ndi zaka 2 ndi miyezi 3. Dzulo mumsika waukulu anaona jigisi, nditakana anadzigwetsa pansi n'kumaphiriphitha m'fumbi, anthu kuunjikana. Ena akuti kwapulani, ena akuti mugulireni. Manyazi anandigwira. Kunyumba chilichonse ndi "changa", mwana wa aneba akagwira kapu yake amamuluma. Chinanso, ndili ndi khanda la mwezi umodzi. Chibadwireni mng'ono wakeyu Shakira wayambiranso kudzikodzera pomwe anali atasiya, akufunanso bere, ndipo tsiku lina ndinamupeza akumutsina. Kodi mwana wamng'ono chonchi angakhale ndi mtima woipa?

Mlezi wa mkombaphala, Thondwe
Ayi mayi, si mtima woipa. Ine ndimakhala ndi ana a msinkhu umenewu ndi okulirapo pang'ono m'mawa uliwonse, ndipo Shakira wanuyo ndikumuona mwa ana ambiri.

Pa zaka 2 mwana wangozindikira kumene kuti iye ndi munthu payekha. Ndi nthawi imene amayamba kudzizindikira pagalasi, kutchula dzina lake, kunena "ayi" ndi "changa". Zofuna zake ndi zambiri koma mawu ndi ochepa, ndipo mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kudzigwira imachedwa kukhwima. Ali ngati mphika waung'ono pamoto waukulu, suchedwa kusefukira. Akadzigwetsa pansi sakukuchititsani manyazi dala, zamukulira.

Mumsika muja chofunika chinali kumunyamula, kupita naye pambali, kudikira mkwiyo utsike. Pa nthawi imeneyo kulongosola sikuthandiza, sakumva. Jigisi musagule, chifukwa mukagula waphunzira kuti kugubuduka kumagula jigisi. Akatonthola mumuuze mawu a zimene zamuchitikira: "Unakwiya eti, umafuna jigisi, amayi anakana." Zimaoneka zachibwana koma mwana amene wapatsidwa mawu amayamba kunena "ndakwiya" m'malo moluma. Muonenso nthawi yake. Kawirikawiri amavuta akakhala ndi njala kapena tulo, ndiye musanapite kumsika adye kaye. Pakhomo muzimupatsa zosankha ziwiri zimene nonse mungavomere, diresi lofiira kapena lobiriwira, kusamba kaye kapena kudya kaye. Akasankha yekha makani amachepa.

Kugawana musamukakamize kwambiri. Ana a zaka 2 amasewera moyandikana, aliyense ndi chake, akuonererana. Kubwerekana kwenikweni kumayamba akamapitirira zaka 3, ndipo timachita kuwaphunzitsa kudikira, "pano ndi nthawi ya uyu, kenako iwe." Akaluma, mumuchotse pomwepo, mawu achidule ndi nkhope yosaseka, "osaluma, zimapweteka," kenako chidwi chanu chipite kwa wolumidwayo. Zomulumanso kuti amve kuwawa musachite, amangoona kuti akuluakulu nawonso amaluma.

Agogo aku Jali
Za khandalo ndiyankhe ine. Msana unali wake, bere linali lake, lero pabwera mlendo watenga zonse ndipo aliyense wobwera kudzaona akufikira kwa mlendoyo. Nsanje imeneyo ndi yakalekale. Musamukalipire akadzikodzera, mungomusintha. Muzimutuma, "tenga thewera la mwana wathu," akabweretsa mumuyamikire pamaso pa anthu. Khanda likagona, mumuike Shakira pamiyendo ngakhale pang'ono, akhale khanda nayenso. Koma osawasiya awiri okha m'chipinda.

Make Shakira, Mpondabwino
Amayi anga akuti ndimutumize kwawo ku Malosa akakhale miyezi ingapo mpaka aiwale.

Namwino wopuma, Matawale
Ine ndingakonde agogo akewo abwere kwa inu ngati zingatheke. Mukamuchotsa panopa, m'mutu mwake zikhala kuti khanda labwera, ine andithamangitsa. Chimodzimodzi amene amaletsa mwana kuyamwa tsiku limodzi, kupaka tsabola kubere n'kumutumiza kumudzi. Mwana amataya bere ndi amake nthawi imodzi, ena amakana kudya mpaka sikelo kutsika. Kuletsa kuyamwa kuzichitika pang'onopang'ono, kuyamba ndi masana, mayi ali pompo.

Make Chisomo, Sadzi
Koma abale, kuongola mtengo mpoyamba. Ife tonse tinakula ndi kakwapu. Mwana woluma anzake mungomuuza mawu basi? Mukulera ana amene adzakumenyeni.

Bambo a Yankho, Chikanda
Mlamu, palibe amene wanena kuti mwana azingosiyidwa. Amayi a ku Thondwe anena kuti jigisi asagulidwe, woluma achotsedwe pomwepo. Kumeneko ndi kuongola. Funso ndi lakuti mwana wa zaka 2 akamenyedwa chifukwa wamenya mnzake, waphunzira chiyani? Ine ndimaona kuti waphunzira kuti wamkulu amamenya wamng'ono. Mawa akamenya khanda lija.

Make Chisomo, Sadzi
Ndiye mukuti makolo athu anali olakwa?

Woyang'anira gulu
Tiyeni tizitsutsana mwaulemu monga tachitira mpaka pano. Palibe amene akunyoza makolo a mnzake.

Namwino wopuma, Matawale
Makolo athu anatilera ndi chikondi, ndipo zambiri zimene ankachita, kubereka, kuyamwitsa mpaka zaka 2, kuimbira mwana, kulera mothandizana, akatswiri lero akuzilimbikitsa. Koma pa nkhani ya chikwapu kafukufuku wa m'mayiko ambiri akugwirizana: mwana amasiya pa nthawiyo chifukwa cha mantha, koma ana omenyedwa kawirikawiri ndi amene amakonda ndewu akamakula.

China chimene chimandipweteka mtima ndi kuopseza. "Ukalira ndikuitanira adokotala akubaye jakisoni." "Apolisi akubwera." "Chilombo chikugwira panjapo." Mwana wa zaka 2 kapena 3 sasiyanitsa zoona ndi zongopeka, amakhulupirira zonse. Ndiye tsiku limene wadwala malungo, akangoona yunifolomu yoyera amakuwa mpaka kusanza, kumuyeza kumavuta, mankhwala kukana. Usiku amadzidzimuka. Ngati akukabayitsa katemera muuzeni zoona, "kubaya pang'ono, kuwawa, ine ndikugwira."

Bambo a Yankho, Chikanda
Poti abambo tili ochepa muno ndinenepo. Anzanga ambiri amati khanda ndi la amake, ine ndidzayamba kucheza naye akadzayamba kuyankhula. Ine Yankho ndimamusambitsa ndikaweruka, ndipo masewera athu ndi obisa nkhope ndi thawulo n'kutulukira. Amaseka mpaka kutsamwa. Nditawerenga zimene anamwino alemba za supuni ndaona kuti masewera amenewa akumuphunzitsa kuti munthu akasowa amabweranso. Amake akapita kumaliro ku Chingale amatsala nane osavuta, chifukwa ndine munthu wake.

Chimene ndikufuna kufunsa ndi foni. Yankho ali ndi chaka ndi miyezi 4. Mlongo wanga amati ndizimuikira makatuni kuti aphunzire Chingerezi msanga. Akaika amakhaladi phee.

Wophunzira ku Chanco
Achimwene, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019. Mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa foni kapena TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepa ndiye bwino. Chifukwa chake n'chakuti mwana amaphunzira kuyankhula ndi kumva za anthu mwa kuyankhana. Iye akuti "ba", inu mukuti "ba", akuloza nkhuku, inu mukuti "eya, nkhuku", akuyang'ana nkhope yanu kuti aone ngati galuyo ndi woopsa. Katuni sayankha.

Koma foni imene ili m'manja mwathu akuluakulufe ndi nkhani inanso. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wina wa ku America, Edward Tronick, anauza amayi kuti asewere ndi makanda awo, kenako aumitse nkhope kwa mphindi zochepa, osamwetulira, osayankha. Khanda limayamba kumwetulira kuti amake abwerere, limatambasula manja, limakuwa, kenako limatembenukira kumbali n'kulira. Mayi akayambiranso kuseka nalo limakhazikika. Munthu amene maso ali pa WhatsApp nkhope yake imauma chimodzimodzi. Chimene ndinakonda pa phunziroli n'chakuti mwana amabwerera msanga mayi akabwerera. Palibe kholo limene lingayankhe nthawi zonse, chachikulu ndi kubwererako.

Make mapasa, Songani
Apa mwatigwira tonse. Poyamwitsa foni ndiziika kaye pansi.

Woyang'anira gulu
Membala wina wandilembera kumbali, sakufuna dzina lake lioneke. Uthenga wake ndi uwu:

"Ndawerenga za nkhope youma ndipo ndalira. Mwana wanga ali ndi miyezi 4. Ndimamusambitsa, ndimamuyamwitsa, koma mumtima simukumveka chilichonse. Akamwetulira ndimalephera kumubwezera. Usiku sindigona ngakhale iye atagona, chakudya sichikoma, ndimangolira. Amuna anga ali ku Johannesburg, ndili ndekha m'nyumba. Ndikauza anthu akuti ndiyamike Mulungu ndili ndi mwana wamoyo. Ndine mayi woipa kodi?"

Namwino wopuma, Matawale
Mwana wanga, si iwe mayi woipa. Mayi woipa sakanalemba uthenga umenewu. Zimene wafotokozazi ndi matenda, kukhumudwa kumene kumagwira amayi akabereka, ndipo WHO imati m'mayiko ngati lathu lino pafupifupi mayi mmodzi mwa 5 aliwonse amakumana ndi vuto la maganizo akabereka. Kuliralira kwa masiku oyambirira kumatha pakokha pasanathe milungu 2. Iwe wafika miyezi 4, ndiye ukufunika thandizo, ndipo thandizo lilipo. Pita kuchipatala chapafupi, uwauze anamwino monga walembera muno, osachepetsa. Angathe kukuthandiza pomwepo kapena kukutumiza kwa odziwa za maganizo, ndipo chipatala chachikulu cha boma cha matenda amenewa chili mu Zomba momwe muno. Kupitako si misala. Pali uphungu, palinso mankhwala amene mayi angamwe akuyamwitsa. Ngati pena maganizo odzipweteka kapena kupweteka mwana akukubwerera, usadikire mawa, uza munthu lero lomwe akuperekeze.

Za mwanayo usadziimbe mlandu. Ukachira ubale wanu ukula. Panopa pezani munthu wina, mchemwali, aneba, amayi a kumpingo kapena kumzikiti, azibwera tsiku lililonse kudzamunyamula ndi kumuseketsa iwe ukugona.

Agogo aku Jali
Mayi wa khanda sakhala yekha m'nyumba, si mwambo wathu umenewo. Kwanu aliko ndani mwanawe? Aitane abwere. Amuna akowo uwauze zoona pa foni.

Make Shakira, Mpondabwino
Ngati ali kufupi ndi Mpondabwino kapena Chikanda, a Woyang'anira mupatseni nambala yanga. Tonse tili ndi makanda, tizikhalira limodzi masana.

Woyang'anira gulu
Ndamutumizira. Wavomera kupita kuchipatala mawa.

Azakhali a Pempho, Domasi
Ndakhala ndikungowerenga. Nonse mukudandaula ana olira, ine langa ndi losiyana. Mwana wa mchimwene wanga ali ndi chaka ndi miyezi 8. Ndi wofatsa moti aliyense amamuyamikira. Amake akachoka salira, akabwera sasangalala, mlendo akamunyamula alibe nazo kanthu. Ukamuitana dzina sacheuka. Sindinamuonepo akuloza chinthu kapena kubayibitsa, ndipo mawu alibe ngakhale amodzi. Kunyumba akuti anyamata amachedwa, bambo akenso anachedwa. Atakwanitsa chaka anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka, anagonekedwa. Ndine ndekha amene ndikuda nkhawa.

Namwino wopuma, Matawale
Azakhali, nkhawa yanu ndi yoyenera. Kusikelo mwana amene ankandidetsa nkhawa sanali wolira, anali wongokhala phee. Ana amasiyanadi, wina amayenda pa miyezi 10 wina pa 15, koma pali zina zosayenera kudikira. Mwana akafika miyezi 3 osamwetulira anthu, akafika chaka osacheuka pomuitana dzina, osatulutsa mawu ngati ba-ba, ma-ma, osaloza kapena kubayibitsa, akafika chaka ndi theka wopanda liwu lililonse, apimidwe. Koposa zonse, mwana amene ankachita chinthu kenako wasiya.

Sindinganene muno chimene chavuta. Choyamba kuona ndi makutu, chifukwa mwana wosamva bwino sacheuka ndipo sayankhula, ndipo malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi kapena mafinya a m'khutu osatha zimatha kuwononga kumva. Kuchepa magazi ndi kunyentchera kumapangitsanso mwana kukhala wosasangalala ndi wosafuna kusewera. Palinso ana amene ubongo wawo umakula mosiyana pa nkhani yocheza ndi anthu. Zonsezi zikadziwika msanga thandizo limagwira ntchito kwambiri, chifukwa zaka 3 zoyambirira ndi pamene ubongo ukukula mofulumira. Si ufiti, ndipo si kulakwa kwa amake.

Azakhali a Pempho, Domasi
Asanadwale ankati "mama" ndipo ankaomba m'manja. Ndakumbukira tsopano. Koma ndiwauza bwanji alamu anga osawakhumudwitsa? Ine ndine mlongo wa mwamuna, aziti ndikunyoza mwana wawo.

Mlezi wa mkombaphala, Thondwe
Musayambe ndi mawu oti mwanayu ali ndi vuto. Yambirani pa matenda aja, "alamu, chidwalireni malungo aja makutu ake anawaonapo?" Mudzipereke kuwaperekeza. Mungathenso kuuza alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, akamayendera pakhomo adzaifunse okha nkhaniyo.

Namwino wopuma, Matawale
Zimene mwakumbukirazo, zoti ankati "mama" ndi kuomba m'manja kenako anasiya atadwala, mukanene poyambirira penipeni. Mutenge buku lake la kuchipatala limene analembamo za kugonekedwa kuja. Musakangoima pamzere wa sikelo n'kubwerera, mukapemphe kuonana ndi adokotala, ndipo mukafunse kumene angakamuyeze makutu. Mupite sabata ino, amake ndi bambo ake onse ngati angathe.